Mkuwa wa pa Mafuwa

Kale, mfuti zisanamveke m'dziko muno, anthu akuvalabe nyanda ndi zikopa, patsinde pa phiri la Nsanjiko panali mzinda wa Mfumu Kamphulusa. Mfumuyi sikumbukika ndi nkhondo, pakuti sinkazikonda, ndipo zochepa zimene inamenya sizinaipatse ulemu. Imakumbukika ndi mkuwa. Amalonda ankabwera kuchokera kutsidya kwa Lwangwa atasenza mitanda ya mkuwa pamitu, ndipo ngakhale mizinda yambiri inkagula mkuwawo n'kumaupota kuti uvalidwe m'miyendo, pa Nsanjiko pokha ndi pamene panali banja lodziwa kuudinda.

Mwini ntchitoyo m'masiku amenewo anali Kamtande, wa pfuko la a Mbewe, munthu wamfupi wa mapewa aakulu, wosachedwa kupsa mtima. Amati kuyambira unyamata mpaka imvi, palibe amene anamumvapo akunena kuti chinthu chakoma. Ukamuphikira bwino ankangodya. Ukasula bwino ankangoyang'ana kumbali.

Kagwiridwe ka ntchitoyo kanali kotere. Mkuwa ankausula mpaka upyapyale ngati tsamba, n'kuugoneka mozondotsa pa phula losakaniza ndi utomoni. Kenaka ankaukhoma kumsana ndi tizitsulo todindira, ndipo zokongoletsa zinkatumphukira kumaso. Wokhomayo sankaona chimene akupanga mpaka atamatula mkuwawo pa phula. Komanso mkuwa uli ndi khalidwe lake: ukamenyedwa umauma, ndipo ukauma umang'ambika. Choncho pakati pa ntchito ankaubweza kawirikawiri pa chipala, pa moto wa mvukuto, kuti ufiire, n'kuuviika m'madzi kuti ufewe.

Ankadinda zapachifuwa za mafumu ndi zokutira mipini ya nkhwangwa zaulemu. Koma chachikulu pa zonse chinali chigwinjiri chophwatalala chimene mkazi aliyense wa m'mbumba yawo ankavala pamkono. Pa chigwinjiricho pankayenda mzere wa njere zotumphuka, njere iliyonse kuimira mayi mmodzi, kuyambira kwa mayi woyamba amene anawoloka Lwangwa ndi mwana kumsana. Njere iliyonse inali ndi kadindidwe kake, ina yozungulira, ina yaitali, ina yapawiri chifukwa mayiyo anabala mapasa, ndipo wodinda ankatchula dzina la mwini njere pokhoma. M'mbumbamo mukabadwa mwana wamkazi, kumapeto kwa mzere kunkawonjezeka njere. Mbiri yonse ya banjalo inali pamenepo, ndipo kwina kulikonse kunalibe.

Malamulo a ntchitoyi anali awiri. Loyamba, luso linkapita kwa mwana wamwamuna wa mlongo wako, osati kwa mwana wako, pakuti mwana ndi wa kwa amake. Lachiwiri, mkazi sankaponda pa chipala. Ankati mkazi ndi wotentha, akafikapo chitsulo chimasweka ndipo wosula amatupa ndi mdulo. Palibe amene ankafunsa ngati zinachitikapo, ndipo inenso ndikadakhalako sindikadafunsa.

Kamtande anali ndi mlongo mmodzi, ndipo mlongoyo anabala amuna awiri ndi mkazi mmodzi, Mwatitha, amene anali woumba mbiya. Amuna awiriwo anali ataphunzira kale ntchito, moti Kamtande ankati akhoza kufa tsiku lililonse popanda chodandaula.

Ndiye chaka china, anthu atangotha kukolola, amuna ambiri ali ku uzimba kosaka nyama, nkhondo ya Chambwinja inatsika kuchokera kumapiri a kumpoto. Chambwinja anali mfumu ya linga lalikulu, ndipo dzinalo anamupatsa ndi anthu amene anawasiyira mabwinja. Ankhondo ake anafika dzuwa litangotuluka. Ana aamuna a mlongo wa Kamtande anawalasa pa chipala pomwepo, wina mvukuto uli m'manja. Mayi wawo anafa potsekereza khomo. Mwamuna wa Mwatitha anagwa pamodzi ndi ena amene anayesa kulimba, ndipo Mwatithayo anamumanga m'gulu la akapolo. Kamtande anapulumuka chifukwa anali atapita kukachingamira amalonda a mkuwa, thumba la zodindira lili paphewa monga mwa masiku onse. Pobwera anapeza phulusa.

Maliro atatha, Mfumu Kamphulusa inaitanitsa bwalo. Achinyamata ankafuna nkhondo, koma atawerengana anapeza kuti mikondo inatsala yambiri kuposa oigwira. Mfumu inalamula kuti pasakhale kubwezera, anthu amange nyumba mvula isanagwe. Pamenepo nduna yaikulu inatembenukira kwa Kamtande n'kumuuza kuti mzinda sungakhale wopanda wodinda mkuwa, choncho aphunzitse mwana wake wobala yekha, lamulo lipumule kaye.

Kamtande anaimirira, anaomba m'manja, n'kuyankha.

"Mwini dziko, ndi inu akuluakulu, mwana wanga ndimamukonda, ndipo kukhoma ndikhoza kumuphunzitsa mawa lomwe. Koma adzatchula amayi a yani? Amayi ake ndi ena, ali kwa amake. Mukatero mudzakhala ndi mkuwa wowala, koma mzere wathu udzakhala utatha. Mbumba yanga yonse lero ndi munthu mmodzi, ndipo ali m'linga la Chambwinja akutunga madzi a anthu amene anapha amake. Nkhondo sindikupempha. Ndipatseni mchira wa uthenga ndi mnyanga umodzi, ndipite ndikamuwombole."

Nduna zinati amithenga awiri amene anapitako zaka za m'mbuyo sanabwerere. Zinatinso iye ndi wokalamba, dzanja lake lamanja layamba kunjenjemera, ndipo akakafera kumeneko mzinda udzakhala utataya zonse, munthu ndi luso lomwe. Kamtande anayankha kuti akakhala, lusolo lidzafabe, kungoti lidzafera pamphasa. Mfumu inali munthu wamantha, koma wamanyazi, ndipo manyaziwo ndi amene anapambana. Inatulutsa mchira wa nyumbu, chizindikiro chakuti wounyamula akulankhula m'malo mwa mfumu, n'kumupatsa pamodzi ndi mnyanga ndi amuna awiri omuperekeza.

Ulendowo unali wa m'chilimwe, wodutsa m'midzi yopsa ndi m'mitsinje youma. Alonda a Chambwinja anawagwira asanalione n'komwe linga, anawavula mikondo, ndipo akadawapha pakadapanda mchira uja. Anawalowetsa pabwalo dzuwa lili paliwombo.

Amene ankayembekeza chilombo anakhumudwa. Chambwinja anali munthu wonenepa, wosekaseka, wokonda zonyezimira ngati khwangwala. Anali atavala zonse zimene analanda, mikanda pa mikanda, ndipo pamkono wake wamanzere panali chigwinjiri cha njere. Mfumu ya nkhondo, yoopedwa dziko lonse, itavala chovala cha akazi, osadziwa! Pena pake zikadakhala zoseketsa. Koma Kamtande anachizindikira chigwinjiricho, chifukwa anachidinda ndi iye mwini, ndipo chinali cha mlongo wake. Anagwada, n'kupereka uthenga wake monga mwa mwambo.

Chambwinja anauyang'ana mnyanga uja n'kuseka. Anati minyanga ali nayo yodzaza nyumba, ina imadyedwa ndi makoswe. Kenaka anakweza mkono wa chigwinjiri uja n'kufunsa ngati nkhalamba imene yagwada patsogolo pake ndi imene inachipanga. Atamva kuti ndi yomweyo, kuseka kunatha.

"Osula anga amadziwa mikondo ndi makasu," anatero Chambwinja. "Ndinawapatsa mkuwa kuti andipangire chotere, anandibweretsera zibenthu. Mnyanga wako bwerera nawo. Mkaziyo ndikupatsa, apite kwawo ndi mchirawo, palibe amene adzamukhudze. Koma iwe utsale. Udzandidindira zapachifuwa, udzaphunzitsa osula anga, ndipo udzafera muno. Ndanena pamaso pa mchira wa mfumu yako, ndipo ine mawu anga sindibweza."

Apa Kamtande anagwira njakata. Akakana, Mwatitha atsala, mbumba yatha. Akavomera, Mwatitha apita kwawo, mwina adzakwatiwanso n'kubala mwana wamwamuna, koma adzamuphunzitse ndani mwanayo? Magazi akanapita kumudzi, luso n'kutsala m'linga la adani. Komabe sanachedwe. Anavomera, n'kupempha chinthu chimodzi, chakuti mkaziyo asanyamuke mpaka mvula ikubwerayo itagwa n'kutha, kuti amuone n'kumulangiza. Chambwinja analola mosavuta. Mwambo ankaudziwa, pakuti kwawonso mkazi sankaponda pa chipala, ndipo anaseka n'kunena kuti amulangize mpaka atope, palibe chimene mkazi angatulutse m'lingamo kupatula miyendo yake.

Mwatitha anali atapatsidwa kanyumba kumapeto kwa linga, komwe ankaumba mbiya za akazi a mfumu. Anali mkazi wamtali, wosalankhulalankhula, ndipo pa kuuma mutu anatengera atsibweni ake, chinthu chimene onse awiri ankakana. Atakumana analira maliro amene sanalire pamodzi. Masiku otsatira Kamtande ankagwira ntchito pa chipala cha mfumu m'mawa, masana n'kumabwera kudzadya kwa mwana wa mlongo wakeyo. Ankamuphunzitsa mayina a amayi, kuti ngakhale mkuwa utatha, mayinawo apite kumudzi. Koma ankaphunzitsa mtima uli kwina. Ankadziwa kuti mayina a pakamwa pokha amatha pang'onopang'ono: mdzukulu amaiwala limodzi, chidzukulu n'kusokoneza awiri.

Tsiku lina, atatha kudya, Mwatitha anakhala pansi patsogolo pake n'kunena zimene anali ataziganiza kale.

"Atsibweni, mayina okha mukundipatsawa ndi theka. Ndiphunzitseni kudinda."

Kamtande anamukalipira kwambiri. Anamufunsa ngati ukapolo wamudya mutu, ngati akufuna kuti atupe afe mvula isanathe, ngati sakudziwa kuti mkuwa sudindika popanda kuufewetsa pa chipala, ndipo pa chipala mkazi safikapo. Mwatitha anadikira mpaka mkwiyo utaphwa.

"Za chipala ndani wanena?" anafunsa. "Chipala ndi chanu amuna, khalani nacho. Ine moto ndili nawo wanga. Ndakhala ndikuwotcha mbiya kuyambira ndili namwali, ndipo ndimaona dothi likufiira m'kati mwa moto. Mkuwa ufuna kufiira koposa pamenepo kodi? Lamulo linatiletsa chipala. Mafuwa silinatiletse."

Nkhalambayo inatuluka osatsanzika, ndipo masiku angapo inkadyera ku chipala. Koma nkhaniyo inakana kuichoka m'mutu. Inafufuza m'zonse zimene inamva atsibweni ake akunena, ndi zimene iwo anamva kwa atsibweni awo, ndipo sinapezemo mawu oletsa mafuwa. Makolo sanaletse chifukwa sanaganizepo n'komwe kuti mkazi angafune. Pomaliza Kamtande anabwera ndi kachibenthu ka mkuwa kouma gwa, kamene osula a Chambwinja anataya, n'kukaponya pansi pafupi ndi mafuwa.

Mwatitha anasonkha makala a mtengo wolimba pakati pa mafuwa, anakwiriramo kachibenthuko, anavundikira ndi phale, n'kumakupiza ndi lichero. M'nyumbamo munali kamdima monga mmene nyumba zophikira zimakhalira, ndipo chifukwa cha kamdimako kufiira kwa mkuwa kunaoneka msanga, bwino kuposa pa chipala cha panja. Anakachotsa ndi timitengo tiwiri n'kukaviika mu mphika wa madzi. Kamtande anakatola, anakapinda ndi zala, ndipo kanapindika ngati chikopa chonyowa.

Anakhala pamenepo akukatembenuza. Anali ndi mantha, ndipo tisamunamizire kulimba mtima kumene analibe. Ankaopa mizimu, ankaopa kutupa, ankaopa kuti akadzafika kumene kuli makolo adzamufunsa kuti anamulola ndani. M'mawa mwake anatenga ufa pang'ono, anapita patsinde pa mtengo kunja kwa nyumba, n'kuuthira pansi. Anauza amayi a mu mzere uja kuti ana aamuna anatha, watsala ndi mkazi mmodzi, ndipo ngati zimene akuchitazo n'zolakwika, mlandu ugwere iye, usagwere mwanayo. Kenaka anabwerera m'nyumba n'kumasula thumba la zodindira.

Maphunzirowo anachitika poyera, masana, khomo lili lotsegula, ndipo kwa nthawi yaitali palibe amene anasamala. Amuna odutsa ankaona mkazi akugogoda kanthu pafupi ndi mafuwa n'kumati ndi zidole za akazi. M'maganizo mwawo, ntchito yosachitikira pa chipala sinali ntchito ya mkuwa. Pakusinja, Mwatitha ankatchula mayina a amayi motsatana ndi munsi, ndipo akazi a m'lingamo anayamba kuyimba nawo, poyesa kuti ndi nyimbo ya pamtondo ya kwawo.

Zinali zovuta. Dzanja lozolowera dothi limakanikiza, pamene mkuwa umafuna kumenyedwa pang'ono koma kambiri. Mwatitha ankaboola. Ankaiwala kuti akugwira kumsana, ndipo mzere unkatuluka utayambira kumapeto. Ankachedwa kubweza mkuwa pamoto, n'kung'ambika atatsala pang'ono kumaliza. Chala chake chachikulu chinaphwanyika ndi nyundo, chikhadabo n'kuthothoka. Kamtande ankalalata, ankati mbuzi itapatsidwa nyundo ikhoza kuchita bwino, ankasungunula zimene walakwitsa n'kumuyambitsanso. Mwatitha ankalira ndi mkwiyo, koma nyundo sankaiika pansi. Nthawi nayo inkathamanga. Mvula inagwa, mapira anamera, anakula, anayamba kuweramitsa mitu, ndipo dzanja la nkhalamba linkanjenjemera koposa kale, moti pena ankalephera kumuonetsa ndipo ankangomugwira pamkono kuti amve kulemera kwa nyundo.

Mvula itatsala pang'ono kutha, Mwatitha anamatula pa phula chigwinjiri chimene mzere wake unali wathunthu. Kamtande anachiyang'ana kumaso, anachiyang'ana kumsana, n'kunena kuti njere zina zapendekeka. Koma sanachisungunule.

Chigwinjiri chimenechi ndicho chinaulula zonse. Mmodzi wa akazi a mfumu anachiona, anachisirira, n'kukauza mwamuna wake. Chambwinja anaitanitsa bwalo. Osula ake, amene mpaka pamenepo anali akung'ambabe mkuwa, anapsa mtima. Wamkulu wawo anati mfumu yapusitsidwa, inagula luso kuti likhale la m'linga mokha, ndipo tsopano likutuluka pachipata. Anati mkaziyo asapite, kapena apite wopanda chala chachikulu. Ena anati wadetsa ntchito, aphedwe.

Kamtande anapempha kulankhula.

"Mfumu, munati mkaziyu apita, ine nditsala. Ndatsala. Zapachifuwa zanu ndadinda, mwavala. Osula anu ndikuwaphunzitsa, ndipo ndidzawaphunzitsa mpaka adziwe. Pa chipala chanu mkazi sanapondepo, afunseni alonda. Chimene mwana wa mlongo wanga wachita, wachitira pa mafuwa ake, pamene amaphikira. Ngati m'dziko lino muli lamulo loletsa mkazi kusonkha moto wake, linenedwe pano tonse timve. Munalankhula pamaso pa mchira. Mchirawo ulipo, ndipo anthu awiri amene ndinabwera nawo anamva."

Chambwinja anayang'ana osula ake, anayang'ana nkhalambayo, ndipo anaseka mpaka mikanda inagwedera. Anati wagonja m'nyumba yophikira, kumene sanaikeko mlonda. Mawu ake sanabweze, pakuti ankanyadira kwambiri mbiri yakuti sabweza mawu. Koma sanali wopusa, ndipo kuseka kwake kunkaluma. Analamula kuti mkaziyo apite ndi zala zake zonse, koma thumba la zodindira litsale, nyundo itsale, chigwinjiri chija chitsale, pakuti anagula munthu pamodzi ndi zida zake.

Izi zinamulasa mtima Kamtande kuposa ukapolo. Tizitsulo timeneto tinali ta makolo, kalikonse kosulidwira njere yakeyake, ndipo ku Nsanjiko kunalibe wina wodziwa kutisula. Popanda ito, ankaona kuti zonse zimene anaphunzitsa zinali zopanda pake.

Anatsanzikana pachipata cha linga m'mawa, alonda atamufufuza Mwatitha mpaka m'tsitsi. Mwatitha anagwada n'kunena kuti adzadinda, ngakhale ndi mano. Kamtande anafuna kunena zambiri, koma pakamwa pake sipanazolowere mawu ofewa.

"Usamachedwe kubweza pamoto," anatero. "Ndiwe waliuma, umafuna kumaliza. Pita."

Anaima pamenepo mpaka mchira wa nyumbu unabisika m'tchire.

Zaka zimene zinatsatira zinali zazitali. Pakati pa linga ndi Nsanjiko panalibe njira ya mtendere, ndipo uthenga sunkadutsa. Kamtande anasunga pangano lake. Anaphunzitsa osula a Chambwinja kudinda mamba a ng'ona, mapazi a mkango ndi dzuwa, mpaka anadziwa. Mzere wa njere sanawaphunzitse, ndipo iwo sanaufune. Dzanja linafika poti silingagwire nyundo. Maso anachita khungu. Chambwinja mwini anafa, mwana wa mlongo wake n'kulowa ufumu, ndipo nkhalambayo inaiwalika m'kanyumba kaja ka kumapeto, ikudya zimene akazi achifundo ankaibweretsera. Sinkadziwa ngati Mwatitha anafika n'komwe. Masiku ena inkanena poyera kuti inadzigulitsa pachabe, ndipo mbumba yake inathera m'tchire.

Chaka china mfumu yatsopano inatsegula njira kwa amalonda a mchere. Mmodzi wa iwo, atagulitsa katundu wake, anayamba kufunsa ngati m'lingamo mukadali mkulu wina wa ku Nsanjiko, wodinda mkuwa. Anamulozera kanyumba kaja. Anapeza nkhalamba itakhala pakhonde, ikuwothera dzuwa. Anapereka moni, n'kunena kuti mayi wina wa patsinde pa phiri wakhala akupatsira chinthu aliyense wopita kumpoto kwa zaka zambiri, koma onse ankabwerera nacho chifukwa cha nkhondo. Anamasula kachikopa n'kuika chinthucho m'manja mwake.

Chinali chigwinjiri. Kamtande anachitembenuza n'kuyamba kumsana, monga amachitira mmisiri. Zala zake zinamuuza kuti maenjewo sanakhomedwe ndi chitsulo, anali otakata ndi osalala, ndipo wamalondayo anavomera kuti mayiyo amadinda ndi nsonga za nyanga za gwape ndi timitengo ta mphingo, zosema yekha. Anawonjeza kuti poyamba akuluakulu a kumeneko anakana mkuwa wa mkazi, koma mayiyo anangopitiriza kugogoda pakhomo pake mpaka akuluakuluwo ndi amene anatopa.

Nkhalambayo inatembenuzira kumaso n'kuyamba kuyendetsa chala pa mzere, ikutchula mayina motsitsa mawu. Mayi wowoloka Lwangwa analipo. Wa mapasa analipo, njere yake yapawiri. Amake a Kamtande analipo, mlongo wake analipo, palibe amene anasowa kapena kulumphidwa. Inafika pa njere ya Mwatitha, pamene mzere unkathera, n'kufuna kuchotsa chala. Koma chalacho chinagunda njere ina, yaing'ono, imene sinaidziwe. Kutsogolo kwake kunalinso ina.

Chala chinaima pomwepo. Misozi inatsika m'maso akhungu aja, ndipo sinaipukute.

"Mayina awo ndani?" inafunsa.

Wamalondayo anati wamkulu ndi Tabwera, wamng'ono ndi Nsekanawo, ndipo wamkuluyo amakupiza kale moto wa amake. Kamtande anawatchula mayinawo mobwereza, kuwalumikiza ku mzere wonse kuyambira pachiyambi, mpaka anakhazikika pakamwa pake. Wamalonda atafunsa kuti akanene chiyani kumudzi, nkhalambayo inabweza chala pa mzere.

"Ukamuuze kuti pa njere ya amake anamenya kwambiri, mkuwa wapyapyala," inatero. Inapuma pang'ono, n'kupitiriza. "Ukamuuzenso kuti chakoma."

Anamwalira mvula ya chaka chomwecho isanagwe, ndipo anamuika kunja kwa linga, m'dziko la eni, chigwinjiri chili pamkono. Manda ake palibe wa kwawo amene anawaonapo. Linga la Chambwinja linagwa, ndipo tizitsulo ta makolo tija tinatayika nalo pamodzi.

Zidzukulu za Mwatitha zimati kuyambira pamenepo, m'banja mwawo mkuwa unakhala wa akazi. Ana aamuna anabadwa, ndipo ena anafuna kuubwezera ku chipala, koma amayi awo anakana, n'kunena kuti chimene chinagulidwa ndi moyo wa munthu sichisamutsidwa chifukwa chakuti wina wamera ndevu. Mwana wamkazi akamaphunzira n'kuboola mkuwa, n'kutaya nyundo ndi mkwiyo, amamuuza za nkhalamba ya ku linga, imene inafera kwa adani kuti iye akhale ndi choti aboole. Ndipo amamuuza kuti atole nyundoyo.